Diso Kapena Ubongo? Mmene Ndinasankhira Telesikopu Yanga

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yomwe ena munganene kuti siyoyenera mayi wogulitsa zitenje ngati ine. Ndikufuna tikambirane za telesikopu, chida choonera mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi, makamaka ija yokhala ndi kompyuta yomwe imadzifunira yokha nyenyezi. Mfundo yanga ndi imodzi basi. Ndalama zikakhala zochepa, wogula telesikopu yotere amagula zinthu ziwiri pa mtengo umodzi: diso ndi ubongo. Ukakulitsa chimodzi, chinacho chimachepa. Nzeru yonse yagona pa kugawa bwino ndalamazo.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4. Ndili ndi benchi ya zitenje mumsika ku Lilongwe, ndipo kangachepe komwe ndimapeza ndimakaponya ku banki m'khonde. Mwana wanga woyamba ndi mtsikana, ali ku sekondale ya masana, ndipo amakonda Physics moti amaiwala ndiwo pamoto. Kwa chaka chathunthu funso lake linali limodzi: "Amayi, kodi Saturn alidi ndi mphete, kapena angojambula m'bukumu?" Kusukulu kwawo ngakhale labu yeniyeni kulibe, nanji telesikopu. Ndinkaona kuti mwana akamafunsa chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali osapeza yankho, tsiku lina amangosiya kufunsa. Chimenecho ndicho ndinkaopa.

Ndiye titagawana za banki m'khonde mu December 2024, ndinaphatikiza ndi zomwe ndinasunga chaka chinacho. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Musaganize kuti zinali zophweka. Ndalama zimenezo zikanatha kuwonjezera mpamba, kapena kugula malata a nyumba yomwe tikumanga kumudzi ku Ntchisi. Anzanga apamsika anandiseka. Wina anati, "Asisi, ndiye ana azidya nyenyezi?" Bambo akunyumba sanakane, koma anati, "Mayi, mugule kamodzi. Kachiwiri kulibe." Ndi mawu amenewo omwe anandichititsa kufufuza ngati ndikupikula katundu wa chaka chonse.

Choyamba chomwe ntchito ya zitenje inandiphunzitsa n'chakuti maluwa a pansalu sagwira thupi. Chomwe chimagwira ndi ulusi. Pa telesikopu n'chimodzimodzi. Mudzaona makatoni okongola, atajambulapo Saturn wamkulu ngati lichero, n'kulembapo kuti imakuza zinthu ka 500 kapena ka 600. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukuza si nkhani yaikulu ayi, chifukwa kumasintha ndi kagalasi kakang'ono koikapo diso, komwe amati eyepiece. Masamu ake ndi a pulayimale: mumatenga utali wa njira yomwe kuwala kumayenda m'telesikopu, n'kugawa ndi nambala yolembedwa pa kagalasiko. Njirayo ikakhala mamilimita 750, kagalasi ka 25 kamakuza ka 30, ndipo ka 10 kamakuza ka 75. Malire ake ndi awa: kukuza kwaphindu sikupitirira kwenikweni kawiri kukula kwa galasi lalikulu m'mamilimita. Choncho telesikopu ya galasi la mamilimita 60 imathera cha pa 120. Kupitirira apo mukungokuza chimbuuzi, ngati kutambasula chithunzi cha foni yotchipa mpaka nkhope ya munthu osadziwikanso.

Ulusi weniweni ndi kukula kwa galasi lomwe limasonkhanitsa kuwala. Ndilo ndikulitcha diso. Taganizirani zotunga madzi a mvula: beseni limadzaza msanga ndowa kuposa kapu. Kamboni ka diso la munthu kakatseguka kwambiri mumdima kamafika pafupifupi mamilimita 7 okha. Galasi la mamilimita 150 limasonkhanitsa kuwala kopitirira ka 400 kuposa pamenepo. Ndipo mukachulukitsa kukula kwa galasi kawiri, kuwala kumachuluka kanayi, osati kawiri. N'chifukwa chake ku Sutherland, m'dziko la South Africa, anamanga telesikopu yotchedwa SALT, yomwe inatsegulidwa mu 2005, ndipo galasi lake analipanga polumikiza magalasi 91 mpaka kufika mamita pafupifupi 11. Akatswiri amalimbirana kukula kwa diso. Ife osauka tisapusitsidwe ndi nambala ya pakatoni.

Magalasiwa alinso mitundu. Ina ndi ya lenzi kutsogolo, ngati yomwe Galileo anaonera miyezi inayi ya Jupiter mu January 1610. Ina ndi ya kalilole pansi pa paipi, nzeru yomwe Isaac Newton anaipanga mu 1668. Kalilole ndi wotchipa kupanga kuposa lenzi yaikulu mofanana, choncho amene akufuna diso lalikulu pa ndalama zochepa amathamangira kwa Newton. Vuto lake n'lakuti kalilole amafuna kumuwongola nthawi ndi nthawi ndi tizomangira take, makamaka akayenda m'misewu yathu yokumbikayi, ndipo zinthu zimaoneka chadodolido. Koma kumwamba kulibe kumutu kapena kumiyendo, ndiye palibe chodandaula.

Tsopano ubongo. Kodi kompyuta imagwira ntchito yanji pa telesikopu? Ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kupeza: mumasankha dzina la chinthu pa rimoti kapena pafoni, timamota tiwiri n'kutembenuza paipi mpaka italoza pomwe chili. Azungu amazitcha GoTo. Yachiwiri, yomwe ambiri saiganizira, ndi kutsatira. Dziko lathuli limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse. Ndi maso sitiona, koma mukakuza kwambiri, pulaneti limadutsa m'kagalasi n'kutuluka pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati muli nokha mungamakankhe paipi pang'onopang'ono. Koma ngati kumbuyo kwanu kuli mzere wa ana khumi, aliyense akuti "inenso, inenso", wachitatu asanafike Saturn wathawa kale. Pakhomo panga ana sasowa, choncho kutsatiraku kunali kofunika kwa ine kuposa kupezako.

Chomwe otsatsa malonda sanena mokweza n'chakuti ubongowu ndi wakhungu. Sudziwa komwe uli mpaka mutauuza. Muyenera kuupatsa tsiku, nthawi ndi malo. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kumwera ndi 34 kummawa, Blantyre ali cha pa 16 kumwera, Mzuzu pakati pa 11 ndi 12, ndipo nthawi yathu ili patsogolo ndi maola awiri pa ya Greenwich. Munthu akasindikiza kumpoto m'malo mwa kumwera, telesikopu imakafuna nyenyezi pansi pa nthaka. Marimoti ambiri amayambanso ndi mwezi kenako tsiku, mwa Chimereka, moti 5 June angasanduke 6 May. Zikatha izo, muyenera kuilozetsa nokha nyenyezi ziwiri kapena zitatu zowala kuti idziwe mmene thambo lakhalira. Za kampani ya Celestron zili ndi njira yoti mungoloza zowala zilizonse zitatu ngakhale simukudziwa mayina. Za Sky-Watcher zimakupatsani mayina kuti musankhepo. Mulimonsemo, usiku uliwonse munthu ndi amene amayamba kuphunzitsa makina, makina asanathandize munthu.

Palinso nkhani ya chogwirizira, pomwe paipi imakhala. Mtundu wina umafuna kuti muulozetse pa nsonga yomwe thambo lonse limazungulirapo. Anzathu a kumpoto kwa dziko lapansi ali ndi mwayi, chifukwa pa nsonga yawo pali nyenyezi yooneka bwino yotchedwa Polaris. Kuno Polaris saoneka n'komwe, ndipo nyenyezi yomwe ili pafupi ndi nsonga ya kumwera, Sigma Octantis, ndi yozilala moti m'tauni simungaione ndi maso. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku Amereka ndi ku Ulaya, ndiye muwerenge mukukumbukira kuti thambo lawo si lathu. Kwa woyamba kumene, bola chogwirizira chongoyenda kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi.

Nditamvetsa izi, ndinatsala ndi mitundu inayi pa kope langa la ngongole.

Woyamba unali Celestron NexStar SE, ija ya paipi yaifupi ya mtundu wa lalanje. Rimoti yake ili ndi mayina a zinthu zakumwamba oposa 40,000. Nambala yokoma, eti? Koma ya 4SE galasi lake ndi la mamilimita 102 okha, ndipo zambiri mwa zinthu zimenezo ndi zozilala moti galasi lotere silingazionetse. Kuli ngati kukhala ndi manambala a foni a tauni yonse koma mulibe mayunitsi. Ya 8SE, ya galasi la mamilimita 203, ndi yabwino zedi, koma mtengo wake ndi wopitirira madola 1,000, musanawerengere zonyamulitsa ndi msonkho. Ndinangoipatsa moni n'kupitirira.

Wachiwiri unali Seestar S50 ya kampani ya ZWO, yomwe inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 500. Iyi ndi ubongo wokhawokha. Lenzi yake ndi ya mamilimita 50, ilibe poikapo diso, koma imajambula zithunzi zambirimbiri za timasekondi tochepa n'kuziunjika pamodzi, chithunzi chokongola n'kutuluka pafoni. Imadzipezera yokha njira, ndipo kwa wofuna zithunzi zoponya pa Facebook ndi yabwino. Koma ine ndinadzifunsa: mwana wanga akukayikira chithunzi cha m'buku, ndiye ndimuyankhe ndi chithunzi china cha pafoni? Komanso pa mapulaneti siichita bwino, amaoneka aang'ono kwambiri. Funso la pakhomo panga linali la Saturn.

Wachitatu unali StarSense Explorer, ya Celestron yomweyo. Iyi ilibe mota. Mumamangirira foni yanu pa telesikopu, kamera ya foni imaona nyenyezi kudzera pa kakalilole, ndipo mivi ya pafoni imakuuzani kokankhira. Nzeru yabwino, ndipo siidya mabatire. Koma siitsatira, komanso imafuna foni yogwirizana ndi pulogalamu yake.

Wachinayi ndi womwe ndinagula: Sky-Watcher Virtuoso GTi 150P. Ndi ya kalilole wa mamilimita 150, njira ya kuwala mamilimita 750, yokhala pa kabokosi kozungulira kotengera nzeru ya John Dobson wa ku San Francisco, amene m'zaka za m'ma 1960 ankapanga matelesikopu otchipa n'kumaonetsa anthu odutsa mumsewu. Diso lake limasonkhanitsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa 4SE, ndi ka 9 kuposa Seestar. Ilibe rimoti, imalankhulana ndi foni pa WiFi yakeyake, yosafuna bando, ndipo foniyo ndi yomwe imaiuza tsiku, nthawi ndi malo. Imapeza, imatsatira. Koma chomwe chinandigonjetsa ndi ichi: mukamasula tizomangira tiwiri, mumatha kuikankha ndi manja ngati telesikopu wamba.

Apa ndi pomwe mutu wa mayi wapamsika unagwira ntchito. Pogula katundu ine sindifunsa kuti "akugwira bwanji lero?" Ndimafunsa kuti "tsiku lomwe adzafe, ndidzatsala ndi chiyani?" Kuno kulibe sitolo yomwe ndingathamangireko kukagula rimoti kapena kamota ka telesikopu. Yanga anandigulira achimwene anga omwe amakhala ku Johannesburg, inabwera ndi anyamata onyamula katundu wa ku Joni, n'kulipiridwa msonkho pa chipata cha Dedza. Kubweza chinthu choonongeka pa njira imeneyo ndi ndalama zinanso. Zamagetsi zimakalamba, mapulogalamu a pafoni amasintha, koma kalilole wosamalidwa bwino amakhala zaka zambiri. Ubongo ukadzafa, diso lidzatsala, ndipo mwana wanga adzapitiriza kuona.

Za magetsi nazonso muziganizire musanagule. Matelesikopu ambiri a mtundu uwu amadya mabatire ang'onoang'ono a AA asanu ndi atatu, ndipo amawamaliza msanga. Mabatire akayamba kufooka, makina amayamba kuloza zabodza. Ubwino wake n'ngwakuti amalolanso magetsi a mavoti 12. Ine ndimagwiritsa kabatire ka sola komwe timaunikira m'nyumba, ndi chingwe choyenera chomwe katswiri wa zamagetsi anandiyezera. Ndipo ndikuuzeni chinsinsi: pakhomo pathu magetsi akathima usiku, ndife tokha m'dera lonse amene timasangalala. Mababu a panja onse akazima, thambo la Lilongwe limayandikira la ku Ntchisi.

Telesikopu yangayi ili ndi zofooka zake, sindibisa. Ndi yaifupi, imafuna tebulo kapena mpando wolimba wosagwedera. Kalipentala wa pafupi nafe anandikhomera. Paipi yake ndi yofupikitsa, ndipo mukaitambasula pakati pamakhala poyera, polowa fumbi ndi kuwala kwa mababu a aneba. Apa zitenje zinandithandiza: ndinasoketsa kansalu kakuda kokutira pamenepo. Ikatha ntchito timaitseka n'kuifunditsa, chifukwa fumbi la October silichitira chisoni munthu. Ndipo inafika mvula ili pakati, moti mpaka April tinkangoba mpata mitambo ikang'ambika. Nyengo yabwino kuno ndi kuyambira May mpaka August. September ndi October utsi wa moto wa kutchire umaphimba m'munsi mwa thambo, ndipo a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje muwerengerenso chiperoni.

Nanga tinaona chiyani? Ndiyambe ndi kukuchenjezani: simudzaona mitundu ija ya zithunzi za Hubble kapena James Webb. Diso la munthu mumdima siliona bwino mitundu, choncho mitambo ya kumwambako imaoneka yotuwa ngati utsi. Muyeneranso kukhala mumdima mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere, foni mutaiika pa kuwala kofiira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mukadekha, Amalawi tili ndi thambo lomwe a ku London amalisirira. Mu June ndi July, pakati penipeni pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu pathu. Kumwera kuli nyenyezi zija zooneka ngati mtanda, ndipo pambali pake pali kagulu kotchedwa Jewel Box, tinyenyezi towala ngati mikanda, kamodzi kofiirira pakati. Nyenyezi yowala ya Alpha Centauri, yomwe kuwala kwake kumayenda zaka zopitirira zinayi kuti kufike kuno, m'telesikopu imagawanika n'kukhala ziwiri. Omega Centauri, yomwe ndi maso imangooneka ngati kadontho kofufuma, imasanduka mulu wa shuga wothiridwa pa nsalu yakuda. Ndi nyenyezi mamiliyoni zitaunjikana malo amodzi.

Pa 12 August 2025 m'mamawa, Nthanda ndi Jupiter anayandikana moti onse awiri anakwana m'kagalasi kamodzi, Jupiter ali ndi timiyezi take m'mbali. Tsiku limenelo ndinatsegula benchi mochedwa, ndipo sindinadandaule. Pa 7 September madzulo kunali kadamsana wa mwezi, mwezi wonse unafiira ngati njerwa yootcha, ndipo pakhomo panga panadzaza ngati pali chinkhoswe. Kadamsana ameneyu anandikumbutsa wa dzuwa wa pa 21 June 2001, ndili mwana, pomwe ku Lusaka kunada masana ndipo kuno dzuwa linaphimbika mbali yaikulu. Akuluakulu ankatikalipira kuti tisayang'ane. Ankanena zoona, ndipo pa telesikopu n'zoopsa koposa: kuloza dzuwa popanda chotchingira chake chapadera kumaotcha diso nthawi yomweyo, ndipo khungu lake n'losachiritsika. Masana telesikopu imakhala yotsekeredwa, makiyi ali ndi ine.

Za Saturn, mwana wanga anayankhidwa m'njira yomwe buku silinamuuze. Mu 2025 mphete zija zinatipatsa m'mbali, zomwe zimachitika pafupifupi zaka 15 zilizonse, ndiye zinaoneka ngati singano yobaya ndimu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, ndiye kuti ndi zopyapyala chonchi?" Funso limodzi linabala lina. Panopa ali ndi kope lomwe amajambulamo zomwe waona, ndi tsiku lake, ndipo akudikira kuona mphetezo zikutseguka chaka ndi chaka mpaka cha mu 2032. Mwana amene akukonzekera za 2032 sindimuopera zambiri.

Aneba poyamba ankatiyang'ana ndi diso lina. Mukudziwa kwathu kuno, mayi wokhala panja pakati pa usiku ndi chipaipi choloza kumwamba, chomalira chokha n'kumatembenuka, nkhani yake siichedwa kufika kwa amfumu. Mankhwala ake ndi amodzi: aitaneni aone. Agogo ena a nyumba yoyandikana nafe ataona zigwa ndi maenje a pamwezi anangoti, "Aa, mwanawe, kodi n'kokumbikakumbika chonchi?" Tsiku lina iwo ndi amene anatiphunzitsa. Foni inkati M45, iwo anati Nsangwe. Foni inkati Orion, iwo analoza nyenyezi zitatu zondondozana n'kuti Akamwiniatsatana. Ubongo wa makinawa uli ndi mayina zikwizikwi, koma mulibe ngakhale limodzi la Chichewa. Mayina amenewo ali m'mitu ya agogo athu, ndipo iwo sadzakhala nafe mpaka kale. Tsopano m'kope la mwana wanga muli mizere iwiri, wa mayina a pafoni ndi wa mayina a agogo.

Kwa amene mtima wayamba kudumpha, malangizo anga ndi awa. Musagule mbereko mwana asanabadwe: yambani ndi maso anu ndi pulogalamu yaulere ngati Stellarium, mudziwe nyenyezi zowala khumi. Ngati pakatha miyezi itatu mukutulukabe panja kukuzizira, ndiye kuti matendawa ndi enieni. Pogula, funsani kaye kukula kwa galasi, kenako funsani ngati ingayende ndi manja magetsi atatha, kenako ganizirani amene aziinyamula, chifukwa telesikopu yolemera imathera kuseri kwa chitseko. Ndalama zikavuta kwambiri, siyani kompyuta, musasiye galasi. Ndipo ngati thumba la munthu mmodzi silingakwanitse, telesikopu imodzi imakwanira sukulu yonse, mpingo wonse kapena gulu lonse la banki m'khonde, chifukwa Saturn sachepa poti amuona anthu ambiri.

Pomaliza ndili ndi pempho. M'gulu lino muli anthu ochokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ena muli ndi agogo omwe ankadziwa nthawi yosoka minda kapena yopita panyanja poyang'ana kumwamba. Akafunseni mayina a nyenyezi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde, komanso mwezi womwe zimatuluka ndi mbali yomwe zimaonekera. Mukawapeza titumizireni. Mzere wachiwiri wa kope lija udakali ndi malo ambiri.